Dzina la Mnzanga m'Botolo

Za usikauti sindinazifune ine, anachita kundikankhira. Aphunzitsi aamuna pasukulu pathu anakana onse, wina ati msana, wina ati dimba likumudikira, ndiye ahedi anangotembenukira kwa ine. "Madamu, inu ana anu anakula, nthawi muli nayo." Sananame. Amuna anga anali atamwalira, ana anga awiri ali m'tauni, nyumba ili zii kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinalandira sikafu ndi wezulo monyinyirika, koma teremu isanathe ndinali nditazikonda moti Lachisanu linkandichedwera.

Katundu wathu anali womvetsa chisoni. Tenti inali imodzi, ya pakaunjika, yomwe ndinakagula ndekha pa Songani, yobooka pakona. Mfundo tinkaphunzirira pa zingwe za mbuzi. Kampasi yathu unkachita kuigogoda ndi chala kuti singano ikumbukire kumpoto. Tinkamanga msasa pabwalo la mpira, kukacha n'kuyenda pamzere mpaka ku Kachulu kukaona mabwato akukocheza. Anthu m'njira ankaseka, ndipo sindiwada nazo. Mayi wa imvi, sikafu m'khosi, wezulo pakamwa, kugona m'nsalu nyumba ya malata ali nayo!

Woseka kuposa onse anali mnzanga. Ndikati mnzanga ndikunena munthu mmodzi yekha. Tinabadwa chaka chimodzi, makomo akuyang'anana, iwo Asilamu, ife Akhristu. Iye sukulu anaisiyira Sitandade 5 n'kukwatiwa ndi msodzi, moyo wake n'kukhala woyanika matemba pathandala ndi kulima mpunga kudambo. Ine ndinapitirira mpaka uphunzitsi, koma kwa iye sindinakhalepo madamu ngakhale tsiku limodzi. Ndinali iwe basi. "Iwe wamakope, msilikali wa ndani iwe?" ankandifuulira choncho akandiona ndi sikafu, ine n'kumubwezera kuti akasambe kaye fungo la matemba ndiye tilankhulane. Mwezi wa Ramadani ndinkamusungira mbatata za futali. Pa Khirisimasi nkhuku yanga ankandichinjira amuna ake kuti tidyere mbale imodzi. Tsiku lomwe tinaika amuna anga, manja anga atafa, anandisambitsa ndi iyeyo.

Ubwenzi umenewo ndi umene ndinautaya, ndipo ndinautaya chifukwa cha masewera.

Masewerawo anabwera nawo ndi mlongo wanga wamng'ono, amene amaperekeza alendo okwera phiri la Zomba. Anadzacheza pa holide n'kundionetsa mapu pafoni yake, pali timadontho uku ndi uko. Dzina lake ati jiyokashing'i. Ine lilime linakana, ndinkangoti chibisalirano cha akuluakulu. Munthu amabisa kabotolo kapena kabokosi penapake, mkati muli kakope kolembamo mayina ndi tinthu tachabechabe. Akatero amaika pa intaneti manambala osonyeza malowo, ndipo aliyense wa foni yamakono akhoza kulondola mpaka kukapeza. Ukapeza umalemba dzina lako, ukafuna umatengamo kanthu n'kusiyamo kako, kenako n'kubwezera pomwe wapeza.

"Ndiye phindu lake n'chiyani?" ndinamufunsa.

"Achemwali, nanga kugona mutenti phindu lake n'chiyani?"

 Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Zomba, iye n'kunditengera kuphiri. Tinayenda m'nkhungu, foni ikutiuza kuti kwatsala mamita akutiakuti, mpaka tinafika pamwala wina pakati pa mitengo ya paini. Ndinapisa dzanja kuseri kwake ndikuopa njoka, n'kutulutsa kabokosi. Abale inu! M'kakope munali mayina a anthu a mayiko omwe ndinkangowaloza ndi ndodo pamapu a m'kalasi. Ndinalemba langa pansi pawo. Kenako ndinamuuza mlongo wanga kuti asunthe mapuwo tione kwathu. Kuchokera m'tauni kutsika mpaka kunyanja kunali mbee, popanda kadontho ngakhale kamodzi. Zinandiwawa, ngati kuti kuno sikukhala anthu.

"Ndibisa langa," ndinatero.

"Bisani. Koma malamulo ndi awiri, achemwali. Kubisa, osati kukwirira. Komanso mupemphe kaye mwini malo."

"Ndamva," ndinayankha, monga amayankhira ana anga a Sitandade 4 asanamve kanthu.

Ndinatsuka botolo la pulasitiki la chiponde n'kuliyanika. Ndinadula kope pakati kuti ikwane. Patsamba loyamba ndinalemba manambala a malowo, ndi uthenga wopempha wolipeza kuti alibwezere. Uthengawo ndinaulemba m'Chingerezi chokhachokha. Ndinkalembera alendo, za anthu a kwathu sizinandibwerere m'mutu n'komwe. Botolo lililonse limafuna dzina, ndiye pamwamba pa tsambalo ndinalemba dzina la mnzanga m'zilembo zikuluzikulu. Ndinalemba ndi bolopeni yofiira, poti mphunzitsi yomwe amakhala nayo pafupi ndi yochongera. Ndinaikamo pensulo, ndi lezala yosongolera pensuloyo, monga amachitira mwana wasukulu aliyense. Tinthu tosinthana ndinaikamo mbedza imodzi, mikanda itatu, ndi kandalama kakale ka wani tambala. Poopa chinyezi ndinakulunga kakopeko m'kansalu n'kumanga mfundo yolimba ya chisikauti. Kansaluko kanali kotsala pa chitenje chomwe amayi tonse tinavala pa ukwati wa mwana wotsiriza wa mnzanga.

Lero ndikawerenga zinthu zimenezo chimodzichimodzi, ndimadzifunsa kuti mutu wanga unali kuti. Ndinabadwira konkuno ine, sindine mlendo. Dzina la munthu la inki yofiira, lezala, mbedza, mikanda, ndalama, nsalu yomanga mfundo. Mwana wazaka zisanu akanandiuza kuti chimenecho n'chiyani. Koma sukulu ija imatseka maso ena potsegula ena, ndipo ine ndinkangoona masewera.

Malo ndinasankha abwino kuposa onse omwe ndimawadziwa. M'mphepete mwa munda wa mpunga wa mnzanga muli chulu chachikulu chomera bwemba. Ukakwera pamenepo umaona dambo lonse, akakowa ali mbuu, madzi akunyezimira, ndi chilumba cha Chisi chili poteropo. Ndinkafuna mlendo adzaime pamenepo aone zomwe ife timaona. Zopempha mwini malo ndinaziseka. Mwini malo anali mnzanga, ndipo munthu sagogoda pakhomo la nyumba yake yomwe. Komanso ndinkafuna kumudzidzimutsa. Ndinkalota tsiku lomwe mzungu wa chikwama kumsana adzafike pathandala pake akutchula dzina lake molakwitsa, ine ndili pambali kufa nako kuseka.

Pofika pachulupo Lamulungu masana, kumunda kulibe munthu, ndinaona vuto. Ana a kuno maso awo ndi akuthwa. Botolo labwino lotero ukangolisiya pamizu, dzuwa silingalowe lisanasanduke losungira mchere kunyumba kwa wina. Ndiye ndinatenga chikwanje, n'kukumba kadzenje pakati pa mizu iwiri, n'kulikwirira, pamwamba n'kuikapo mwala. Mlongo wanga ndinangomuuza pafoni kuti ndabisa pamizu ya bwemba. Iye analiika pa intaneti, ndipo kadontho kanaoneka m'mbali mwa nyanja yathu.

Sikunabwere munthu. Mwezi woyamba ndinkagula bandulo tsiku ndi tsiku kuti ndione ngati wina walipeza. Wachiwiri ndinkayang'ana Loweruka lokha. Kenako ndinaleka, poti chaka chimenecho chinatipatsa zina zoganiza. Mvula inadula msanga, nyanja inayamba kuthawa, mabwato anatsala atakhala pamatope ong'aluka. Matemba anasowa, mathandala anangoti gwaa padzuwa opanda kanthu. Mpunga wa mnzanga unauma usanabereke. Ndiye panabwera chachikulu. Mwana wake wotsiriza uja, mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha Sitandade 4, anali woyembekezera koyamba. Miyezi inakwana bwinobwino, koma mwana anabadwa wosalira. Anamuika mwakachetechete monga amachitira ndi mwana wotero, ndipo ine ndinakhala kwa mnzanga sabata yathunthu ndikuwaphikira.

Patapita miyezi iwiri, mwamuna wa mtsikanayo, mkamwini wochokera kutali, anaganiza zoumba njerwa poti kunyanja kunalibe ntchito. Dothi labwino la njerwa ndi la pachulu. Lolemba masana ndikuchokera kusukulu, makope ali pamutu, ndinaona anthu ataunjikana kumunda kwa mnzanga. Ndinaganiza kuti apha nsato. Ndinapatuka kuti ndikaone nawo.

Botolo langa linali pansi, khasu litaling'amba pamimba. Palibe analikhudza ndi dzanja. Bambo wina ankatokosa zamkati ndi kamtengo, ndipo chilichonse chikatuluka anthu ankabwerera m'mbuyo.

"Lezala!"

"Mbedza iyo, amukola!"

"Taonani mfundoyo, amayi. Si kumanga mimba kumeneko?"

Mkamwini anadula mfundo ndi mpeni n'kutambasula kakope ndi timitengo tiwiri. Chinyezi chinali chitalowa ndithu. Chingerezi changa chonse chinali chitasungunuka, tsamba lili psuu ngati magazi. Zomwe zinatsala zowerengeka zinali manambala ndi dzina lija la zilembo zikuluzikulu. Analiwerenga mokweza. Mnzanga anali ataima kutsogolo, ndipo atamva dzina lake anangokhala pansi pomwepo, padothi, miyendo atatambasula.

Pamenepo ndi pomwe ndinayenera kulankhula. Mawu ake anali ochepa: ndi langa, ndi masewera, ndikufotokozerani. Ndinatsegula pakamwa ndithu. Koma kumbuyo kwanga mnyamata wina anati, "Wachita izi tikangomudziwa, nyumba yake tiyatsa iye ali momwemo." Wina anavomereza. Ndinadziyang'ana: mayi wamasiye, wa imvi, wokhala yekha, wogona kunja m'nsalu, woyenda ndi kachida koloza kumpoto. Tonse timadziwa zomwe zimawachitikira amayi otero akangowaloza chala. Ndinachita mantha. Sindikufuna kuwapatsa dzina lina lokongola, anali mantha basi. Ndinatseka pakamwa n'kugwira makope anga bwinobwino kuti asagwe.

Madzulo a tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe mnzanga anabwera kwathu. Sanaodire, sankaodira kwathu. Anakhala pakhonde n'kuika mutu paphewa panga.

"Iwe, ndani wandida chonchi? Ndinamulakwira chiyani? Akanapha ine, bwanji kupha kamwana kosalakwa?"

Ndinamusisita kumsana. Ndinamuuza kuti alimbe mtima, Mulungu ndi amene amadziwa zonse. Ndinamupangira tiyi. Ine amene, ndi manja omwewa amene anamanga mfundo ija! Mumtima ndinkati ndimuuza mawa, anthu akazizira mitima, tili awiriwiri.

Mawa lake anabweranso, koma tsopano misozi inali itauma, kwatsala ukali. Anali atawerenga amayi onse amene anavala chitenje chija pa ukwati, ndipo chala chinaima pa mlamu wake, mchemwali wa amuna ake. Awiriwa anali atakanganapo za malire a munda womwewo. "Ndi iyeyo," anatero. "Unaona mmene anandiyang'anira pamaliro a mwana? Iwe unaona, eti?" Ndinati sindinaonetsetse. Sindinavomere, komanso sindinakane. Ndinamva kupepukidwa kuti chala chaloza kwina, ndipo kupepukidwa kumeneko ndimachita nako manyazi mpaka lero. Tsiku limenelo mlamu uja anapita kumjigo, amayi onse n'kuchotsa ndowa zawo pamzere. Anatunga yekha, anthu akumuyang'ana chapatali.

Lachitatu m'mawa ndisanapite kusukulu, ndinamva odi wapansipansi. Anali mtsikana uja, mwini mwana womwalira, atawonda, chitenje chili kumutu. Anagwada pakhomo monga ankachitira ali mwana wasukulu.

"Madamu, ndabwera ndi funso."

"Funsa, mwanangu."

"Dzulo ndinapempha amuna anga kuti andionetse pepala lija. Madamu, seveni wodula pamimba uja ndi wanu. Chaka chonse munkandilembera ameneyo m'kope ya masamu."

 Ndinayamba kumufotokozera mothamanga, za foni, za phiri, za alendo. Anandimvetsera mpaka kumapeto maso ali pansi.

"Ine sindikudziwa za zimenezo, Madamu. Koma madzulo ano anyamata akuti akagwetsa nyumba ya azakhali. Mukawauze amayi nokha. Mukapanda kutero ndikawauza ine."

Kusukulu sindinapite. Ndinatenga foni n'kupita kwa mnzanga. Ndinamupeza akupeta mpunga wogula, poti wake kunalibe. Ndinakhala pamphasa n'kunena zonse, kuyambira pa botolo la chiponde mpaka pa mwala womwe ndinaika pamwamba. Lichero linaima m'manja mwake. Ndinati ndimuonetse umboni, koma netiweki inakana. Ndinayendayenda pabwalo lake foni ndili nayo m'mwamba ngati wamisala, mpaka kuseri kwa khola la mbuzi inagwira. Ndinathamanga nayo. "Taona, iwe, kadontho aka. Dzina lako ili. Dziko lonse likhoza kuliona."

Anayang'ana nthawi yaitali. Kuwerenga amatha pang'ono, dzina lake amalidziwa.

"Dziko lonse," anabwereza. "Ndiye lili pansi pa nthaka, lilinso m'mwamba."

Ndinaona kuti ndawonjezera moto. Ndinaimbira mlongo wanga ndikulira, ndipo anafika masana omwewo pa njinga yamoto ya kabaza. Anakhala pansi ndi amuna a mnzanga, mkamwini, ndi ashehe a pamzikiti wawo. Anawaonetsa timadontho ta kuphiri, zithunzi za azungu atanyamula timabokosi akumwetulira, ndi mayina a m'makope ena. Ashehe anali munthu wofatsa, woyendapo m'mayiko. Anafunsa mafunso angapo, kenako anagwedeza mutu n'kunena kuti palibe mankhwala apa, ndi zibwana za anthu ophunzira. Amuna a mnzanga anayamba kuseka, mkamwini naye n'kuseka, kuseka kwa anthu amene atula katundu wolemera. Anyamata aja anabalalika. Mawa lake ndinanyamula nkhuku kupita kwa mlamu uja kukapepesa. Anailandira osandiyang'ana kumaso, ndipo anali ndi chifukwa.

Mlongo wanga pobwerera anangondifunsa chimodzi. "Achemwali, ndinati chiyani za kukwirira?" Ndinamukalipira kuti asandiphunzitse ine ndinamusintha matewera. Ukali unali wa manyazi. Kadontho kaja anakachotsa tsiku lomwelo.

Kwa anthu onse nkhani inathera pomwepo, n'kusanduka nthabwala. Ana ankandifuulira m'njira kuti Madamu a botolo. Ine ndinapita kwa mnzanga Loweruka ndikuganiza kuti tikaseka nafenso, anditukwane monga mwa nthawi zonse, zithe. Ndinamupeza pakhonde akusoka. Anadzuka, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpando. Zaka makumi asanu ndinkakhala naye pamphasa, tsiku limenelo ananditulutsira mpando.

"Khalani, aphunzitsi. Mwadzuka bwanji?"

Bola akanandimenya mbama kusiyana ndi mawu amenewo. Ndinati, "Iwe, wayamba liti kunditchula choncho? Ashehe anena okha kuti ndi masewera. Sunamve?"

"Ndamva."

"Ndiye ukuganiza kuti ine ndingalodze mwana amene ndinamunyamula ali wakhanda?"

"Sindinanene zimenezo." Anapitiriza kusoka. Kenako anaika singano pansi. "Ndili ndi mafunso awiri okha, mukandiyankha ndigona bwino. Masewera anali anu. Bwanji simunalembe dzina lanu?"

Ndinati ndinkafuna kumulemekeza, kuti alendo amudziwe.

"Chabwino. Lachiwiri. Ndinalira paphewa panu. Ndinakufunsani kuti ndani wandida. Munandipangira tiyi. Mawa lake ndinatchula mlamu wanga, munangoti simunaonetsetse. Akanapanda mwana wanga kuzindikira seveni, mukanalankhula liti?"

Ndinati ndinkaopa.

"Munkaopa anyamata, ndamva. Nanga pakhonde panu paja panali anyamata? Tinalipo awiri. Munkaopa ine?"

 Ndaphunzitsa ana mazanamazana kuti sikauti sanama, amathandiza mnzake nthawi zonse, ndikuwaimitsa padzuwa zala zitatu zili m'mwamba. Pakhonde la mnzanga ndinali ngati mwana amene sanawerenge. Iye anatola singano yake. Pochoka anandiperekeza mpaka pamsewu, monga timaperekezera alendo.

Kuyambira pamenepo sanandilakwirepo kanthu, ndipo chimenecho ndi chomwe chimandipweteka kwambiri. Akanakhala wonditukwana ndikanadziwa pogwira. Tikakumana kumjigo amandipatsa moni wonse, kufunsa za ana m'tauni mmodzimmodzi. Nditadwala malungo anatuma mdzukulu ndi phala. Koma iye mwini sanabwere, ndipo pakhomo panga akafika amaodira n'kudikira kunja. Ndinayesa kumuputa ndi nthabwala zathu zakale, tsiku lina ndinamunena za fungo la matemba pamaso pa anthu. Anangomwetulira n'kunena kuti, "Zoona, aphunzitsi, ntchito yathu ndi yomweyo." Ndinapita kunyumba ndikudzitukwana njira yonse.

Nthawi zina ndinkakwiya naye. Ndinkati, kodi munthu ameneyu, zaka zonsezi, masiku atatu okha afafanize zonse? Ndani sanachitepo mantha? Kenako ndinkakumbukira mutu wake uli paphewa panga, ukali n'kuphwa. Madzi akatayika saoleka. Usikauti ndinaupitiriza chaka chimodzi n'kuusiyira mphunzitsi wina wachinyamata, tenti ndi kampasi ndinamupatsa zonse.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti mumtima mwake nkhani ya botolo inathadi kapena ayi. Pakamwa ankati wamva. Ine ndinkadziuza kuti chomwe chatsala ndi chilonda cha kukhala chete kwanga basi, ndipo chilonda chimapola munthu ukadekha.

Mvula inabwerera, nyanja inadzaza, matemba anayambanso kuoneka pamathandala. Mtsikana uja anaimanso. Nkhaniyo sindinauzidwe, ndinangoona ndekha mmene ankamangira chitenje. Miyezi yonseyo ndinkamupempherera m'mawa uliwonse, ndipo ndivomere kuti sindinkapempherera iye yekha. Ndinkadziwa kuti zikalakwikanso, palibe shehe kapena foni yomwe ingandiyeretse. Ndinkadziuzanso kuti mwana akabadwa wamoyo, mnzanga adzaona yekha kuti panalibe kanthu, ndipo adzandibwerera.

Mwana anabadwa wamoyo, wamwamuna, wolira mokweza moti anamwino ati anaseka. Nditamva ndinavina ndekha m'nyumba. Ndinadikira kuti atuluke chikuta, ndipo tsiku lomwe amayi ankapita kukaona mwana ndinavala chitenje chatsopano, ndinatenga sopo, beseni laling'ono ndi ufa, n'kupita nawo.

M'nyumba munali modzaza. Tinakhala pamphasa mozungulira, amayi asanu ndi atatu kapena kuposa, mtsikana ali pakona atatsamira khoma, akumwetulira motopa. Mnzanga anandilandira bwino, mphatso anazilandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Anali wosangalala, nkhope yake inali itabwerera ya kale. Ankaseka mokweza, kuwanena amayi ena kuti agwire bwino mwana wa eni, asamupatsire mphuno zawo zophwatalala. Nane ndinaseka nawo. Mwana ankayenda m'manja, wina akamunyamula n'kumuyamikira, n'kupatsira woyandikana naye. Anadutsa kwa mlamu uja, amene anamunyamula nthawi yaitali akumuimbira. Ndinawerenga kuti kwatsala amayi atatu, kenako awiri. Ndinapukuta manja pachitenje.

Mayi woyandikana nane atamaliza anatembenukira kwa ine, ndipo ndinatambasula manja. Mnzanga anali kale pakati pathu. Sindinaone kuti wadzuka nthawi yanji. Anawerama n'kumutenga mwanayo mofatsa, n'kumuika pachifuwa pake.

"Wagona, aphunzitsi," anatero. "Tisamudzutse."

Mwanayo maso anali gwa, akuyang'ana kudenga, kadzanja kakugwedera. Tonse tinamuona. Mtsikana pakona paja anayang'ana kukhoma.

"Eya," ndinatero ine. "Agone."

Manja aja ndinawabweza n'kuwaika pamiyendo.